Alendo osadula tikiti pa ulendo wa ku Likoma

Amene munayendapo panyanja kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma mukudziwa kuti paulendowu bwana ndi katundu, anthufe timangokhala m'mipata. Matumba a chimanga, malata, simenti, madengu a tomato ndi kabichi, mikoko ya nthochi, nkhuku zomangidwa miyendo, nthawi zina ndi mbuzi yomwe ikulira pakona. Pofika kuchilumba aliyense maso amakhala pa chikwama ndi foni kuti zisanyowe. Palibe amene amaganiza zoti m'katundu yemweyo mungakhale alendo ena amene sanadule tikiti.

Inenso sindinkaganizako. Mwezi wathawu ndinanyamula ana a nthochi atatu amene mayi a mnzanga anandikumbira m'munda mwawo kumtunda. Ndinawakulunga m'chiguduli chonyowa, mtima uli mbee, ndikudziwa kuti ndapeza mphatso yabwino ya azakhali anga a ku Khuyu. Kuseri kwa nyumba yawo kuli nthochi zochepa zimene amazithirira ndi madzi otsukira mbale, ndipo amazisamala ngati ana. Ku Likoma nthaka ndi ya mchenga ndi miyala, malo olima ndi ochepa, choncho chilichonse chobiriwira chili ndi mwini wake amene amachidziwa tsamba ndi tsamba.

Azakhali anandilandira bwino, koma chiguduli chija sanachilole kulowa pabwalo.

"Zachokera m'munda mwa ndani zimenezi, mwanawe? Unaziona nthochi zake zinazo?"

Sindinazione. Ndinali kalikiliki kujambula nyanja kuti ndiike pa status.

Chiguduli chinasiyidwa pamchenga, kutali ndi nyumba, ndipo usiku umenewo, tikudya kondowole ndi usipa, anandifotokozera chifukwa chake. Ali mtsikana ankakhala ndi abale ku Chintheche, ndipo anaona ndi maso awo zimene kodikodi anachita. Ambirife a zaka za m'ma 20 dzinali sitilidziwa n'komwe. Kodikodi ndi kachilombo koyera ngati kawazidwa ufa, kamene kamayamwa nsonga za chinangwa mpaka masamba kufota ndi kubulungana ngati nkhonya. Kwawo ndi ku South America. Kanaoneka koyamba mu Africa mu 1973, m'dera la mizinda ya Kinshasa ndi Brazzaville, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti kanabwera pa mitengo ya chinangwa imene wina anatenga kuti akabzale. Pofika mu 1985 kanali katalowa m'boma la Nkhata Bay, ndipo zaka ziwiri zotsatirazo anthu a m'mbali mwa nyanja, amene nsima yawo ndi ya chinangwa, anagwa m'njala yoti mpaka anadalira chimanga chathandizo. Chigwada chomwe, ndiwo ya tsiku ndi tsiku, chinasowa.

Chimene chinapulumutsa chinangwa si mankhwala opopera. Asayansi anakapeza ku Paraguay kamavu kakang'ono zedi kamene kamaikira dzira mkati mwa kodikodi, mwana wake n'kumudya kuchokera m'kati. Bungwe la IITA, motsogozedwa pantchitoyi ndi Hans Herren wa ku Switzerland, linaweta timavuti ndi kutimwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Herren analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Nkhani yake imakoma kuimva, koma taonani mtengo wake: panafunika zaka zambiri, ndege, malabotale ndi ndalama za maiko angapo kuti akonze zimene zinayamba ndi mtolo wa mbewu m'manja mwa munthu mmodzi amene mwina ankangofunira abale ake zabwino. Ngati ine ndi chiguduli changa.

Kodikodi sanali womaliza. Nankafumbwe wamkulu, amene kwawo ndi ku Central America, anafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo analowa m'Malawi kudzera ku Karonga mu 1991. Ameneyu sasankha: amaboola chimanga chili m'chitsononkho, amasandutsa makaka kukhala fumbi, amalowa ngakhale m'mitengo ya nkhokwe. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano zinaoneka mu Africa mu 2016, ndipo pofika mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha mbozizi. Tinene chilungamo, izi ndiye lamulo silikanaziimitsa pachipata, chifukwa gulugufe wake amauluka yekha usiku mitunda italiitali.

Koma chimene azakhali ankaopa m'chiguduli changa ndi chisaka. Matendawa anaoneka m'boma la Nkhotakota pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo anafalikira mpaka kusakaza nthochi za ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje. Nthochi yodwala imapinimbira, masamba ake amakhala aang'ono, oimirira ndi othithikana pamwamba, ndipo siibereka. Mankhwala ake kulibe. Amayenda m'njira ziwiri: nsabwe zakuda zimene zimabisala m'makoko a nthochi, ndi ana a nthochi amene anthu timapatsana. Choopsa n'chakuti mwana wa nthochi atha kukhala ndi kachilomboka koma akuoneka wathanzi. Ngati munadabwapo chifukwa chake nthochi zambiri za m'misika ya m'tauni masiku ano zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, pomwe makolo athu ankati Thyolo ndiye kwawo kwa nthochi, yankho lake ndi limeneli. Chakudza sichiimba ng'oma.

Ndiye malamulo athu akuti chiyani? Alipo, ndipo si ochepa. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Plant Protection Act yatsopano m'malo mwa ya mu 1969. Mwachidule, munthu wolowetsa mbewu kapena zomera m'dziko muno ayenera kukhala ndi chilolezo chochokera ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, komanso chikalata chochokera kumene katunduyo wachokera chotsimikiza kuti wayezedwa ndipo alibe matenda kapena tizilombo. Oyendera mbewu ali ndi mphamvu yoyang'ana katundu, kumugwira, ngakhale kumuwononga ngati ali ndi chiopsezo, ndipo boma litha kutseka dera kuti mbewu zisatuluke kapena kulowa. Ziweto zili ndi lamulo lake, Control and Diseases of Animals Act, limene limagwira ntchito mukamva kuti misika ya ng'ombe yatsekedwa ku Chikwawa ndi Nsanje chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, kapena kuti nkhumba zisayende chifukwa cha chigodola.

Palinso lina lakale kwambiri, Noxious Weeds Act la mu 1936, la nthawi ya atsamunda, limene limapereka udindo kwa mwini malo kuti azule zomera zimene boma lalengeza kuti ndi zoipa. Achinyamata ambiri amene analimvapo lamuloli analimvera pa nkhani ya chamba, chifukwa nachonso chinaikidwa m'gulu limenelo, ndipo linkatchulidwa kwambiri pa mtsutso umene unabala lamulo lololeza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale mu 2020. Kupatula pamenepo, ndani mwa ife anamvapo mfumu kapena khansala akulitchula pamsonkhano?

Tsopano tiwatenge malamulowa tiwaike pamchenga wa ku Khuyu, tione ngati aima.

Likoma ndi Chizumulu ndi Malawi, koma madzi ozungulira zilumbazi ndi a Mozambique. Ukaima kummawa kwa chilumba, mapiri a ku Niassa umawaona bwinobwino, ndipo Cobue ali pafupi kwambiri kuposa Nkhata Bay. Anthu a mbali ziwirizi ndi pachibale, chinenero n'chimodzi, maukwati ndi maliro amayenderana. Nkhuni, makala, nsungwi, udzu wofolera, chimanga ndi chinangwa zambiri zimawoloka kuchokera tsidya linalo pa mabwato ndi maboti a matanga. Pamaso pa lamulo, mtolo uliwonse wa mbewu ya chinangwa wochokera ku Cobue ndi katundu wochokera kunja kwa dziko, wofunika chilolezo ndi chikalata. Tsono taganizirani mayi amene wapita kukaona mchemwali wake tsidya lija, wapatsidwa mitengo khumi ya chinangwa chokoma. Mukufuna ayambe walembera kalata ku Chitedze kapena ku Bvumbwe? Lamulo lotere linalembedwa poganizira thiraki ya pa Songwe, pa Mwanza kapena pa Dedza, ndi kontena yodutsa ku Nacala. Bwato la pa Likoma silinali m'maganizo mwa olembawo.

Mbali inayo ndiye yoseketsa, ngakhale si yosekera. Chiguduli changa chinachokera ku Nkhata Bay, boma limene chisaka chinasakaza kale. Koma poti ndinachoka m'Malawi kupita m'Malawi, sindinawoloke malire alionse. Palibe anandifunsa, ndipo ine sindinaone chifukwa chouza munthu. Katundu amene ali ndi chiopsezo chodziwika amadutsa ngati wapakhomo, pomwe wa mayi uja wa ku Cobue, amene mwina ndi wabwinobwino, ndiye wolakwira lamulo.

Apa mpamene ine ndikuona kuti tikutaya mwayi. Maboma ena onse a m'Malawi alibe mpanda. Tizilombo tikalowa ku Mchinji, mawa tili ku Kasungu pa njinga ya kabaza, ndipo palibe angatseke tinjira tonse ta m'midzi. Likoma ali ndi mpanda umene sanamange ndi ndalama: madzi. Chilumba chachikulu ndi cha makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 14,000 m'boma lonse. Pafupifupi chilichonse chobzala kapena choweta chimafika pa sitima, pa boti kapena pa bwato, m'madooko amene aliyense amawadziwa ndi maina. Ilala yokha yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, ndipo tsiku lofika sitima mwana aliyense amalidziwa. Ngati pali malo m'dziko muno pomwe lamulo loteteza mbewu lingagwiredi ntchito, ndi kuno. Koma kuchepa komweko ndi kumene kumaopsa: pa chilumba chaching'ono chotere, matenda akalowa safuna zaka kuti afike munda womaliza, ndipo kulibe mudzi woyandikana nawo woti mukapempheko mbewu.

Maiko a pazilumba anaizindikira kale nkhaniyi. Ku New Zealand, kumene ali ndi lamulo la Biosecurity Act la mu 1993, ukatsika ndege umalemba zakudya, mbewu ndi china chilichonse cha zomera kapena nyama chimene wanyamula. Agalu amanunkhiza zikwama, nsapato zamatope amaziyang'ana, ndipo ukaiwala apozi limodzi m'chikwama osanena, ulipira madola 400 a kumeneko pompopompo. Koma chimene chimandisangalatsa ine si chindapusacho. Usanafike pa oyang'anirawo pamakhala mabini oti utayemo wekha chimene ukukayikira, popanda funso kapena mlandu. Munthu amapatsidwa mpata wochita chinthu choyenera asanachititsidwe manyazi.

Mwina muti zimenezo ndi za azungu a ndalama. Chabwino, tiyeni ku Salima. Pa chilumba cha Mbenji, pansi pa Mfumu Makanjira, asodzi akhala akutsata malamulo awoawo kuyambira zaka za m'ma 1950. Nyengo ya mvula usodzi umatsekedwa ndipo anthu amachoka pachilumbapo. Ikatsegulidwa, mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo komiti imaonetsetsa zimene munthu akupita nazo. Sindikunena kuti malamulo onse a pa Mbenji ndi oti tikopere, lija loletsa amayi kufikapo lili ndi mtsutso wakewake. Mfundo yanga ndi yakuti a Malawi, popanda galu wonunkhiza kapena kompyuta, atha kugwirizana kuti chakuti sichilowa pa chilumba chathu, n'kuzitsata kwa zaka zoposa 60. Ngati zikutheka ndi botolo la kachasu, zingakanike bwanji ndi mwana wa nthochi?

Ndipo ku Khuyu nkhaniyi siithera kumunda, chifukwa munda weniweni wa anthu a kuno ndi nyanja. Mmawa uliwonse usipa umayanikidwa pa mathandala, ndipo ndi umene umalipira fizi, kugula ufa ndi kumanga nyumba. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake lamulo la zausodzi la mu 1997, Fisheries Conservation and Management Act, limaletsa kubweretsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Alimi ena a nsomba amadandaula, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka: anzawo a ku Zambia amaweta Nile tilapia imene imakula msanga, pomwe iwo akulimbana ndi makumba ndi chilunguni. Koma a ku nyanja ya Victoria anaona zimene nsomba imodzi yachilendo ingachite. Nile perch itaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za m'nyanjamo inazimiririka. Mu 2013 akatswiri a nsomba analemba kuti Nile tilapia yapezeka kale m'dera la ku Tanzania limene madzi ake amatsikira m'nyanja yathuyi. Nyanja ndi imodzi, maiko ndi atatu, malamulo ndi atatu. Nsomba siidziwa kuti pano ndi pa Malawi.

Namasupuni ndiye safuna kufotokoza kwambiri. Duwa lokongola la ku South America limeneli linadzaza mtsinje wa Shire mpaka EGENCO imachita kukolola ndi makina pa Liwonde kuti zinyalala zake zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula. Kachidutswa kamodzi kokodwa mu ukonde kapena pa injini ya boti n'kokwanira kuyambitsa munda watsopano pa dooko labata. Asodzi athu amayenda nyanja yonse kutsata nsomba. Ndi angati amayang'ana ukonde asanauponye m'madzi a kwawo?

Pali chinthu chimodzi chimene okonda malamulo okhwima sakonda kuchimva. Pamene alangizi ankauza alimi a ku Thyolo ndi madera ena kuti azule ndi kutentha nthochi zonse zodwala chisaka, ambiri anakana kapena anazengereza. Ena anawatcha osamva. Koma munthu amene nthochi ndiyo sopo wake, mchere wake ndi yunifolomu ya mwana wake, ukamuuza kuti azule lero osamuuza kuti mbewu yabwino aipeza liti ndipo adya chiyani podikira, wamupatsa chifukwa chobisira matenda. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lamulo lolanda lokha, lopanda chopereka m'malo mwake, limaphunzitsa anthu kutsitsira katundu pa dooko lina usiku. Ku Likoma, kumene moyo wonse umadalira zobwera pamadzi, kuopseza anthu ndi chindapusa kungangowononga ubale wa anthu ndi alangizi.

Chimene ndingakonde kuona n'chosavuta. Khonsolo ya Likoma, pamodzi ndi Mfumu Mkumpha ndi makomiti a m'madooko amene alipo kale pa nkhani za usodzi, atha kupanga lamulo laling'ono la pachilumba: chakudya chilowe monga mwa nthawi zonse, koma chilichonse chokabzala kapena chokaweta chiyambe chaonedwa ndi mlangizi. Pa dooko pakhale chikwangwani cha zithunzi, m'chinenero cha anthu, ndi malo osiyapo chimene munthu akukayikira popanda kumufunsa dzina. Nkhuku yatsopano itsekeredwe payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake, chifukwa chitopa chimalowa m'mudzi ndi nkhuku ya mphatso. Ndipo chachikulu pa zonse, pachilumba pomwepo pakhale nazale ya mbewu yoyezedwa ya nthochi ndi chinangwa. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Mkondezi ali ku Nkhata Bay komweko kumene sitima imanyamukira. Munthu akadziwa kuti mbewu yabwino aipeza pafupi pamtengo woti angakwanitse, sangavutike kunyamula chiguduli chonyowa usiku wonse panyanja.

Ife a mafoni tilinso ndi mbali yathu, ndipo si ya ma hashtag. Ndife amene timayenda kwambiri pakati pa tauni ndi kumudzi, ndife amene timatumidwa kuti "ukabwere ndi kambewu kaja". M'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu akugulitsana mbande, ana a nsomba ndi mbewu zochokera kunja, zina zolonjeza zokolola zodabwitsa, ndipo kawirikawiri funso limakhala la mtengo basi. Funso la azakhali lija, lakuti zachokera m'munda mwa ndani, silifuna bandulo yambiri.

Kutacha ndinajambula ana a nthochi aja n'kutumiza kwa mnzanga amene anaphunzira zaulimi. Anayankha kuti pachithunzi akuoneka abwino, koma chithunzi sichingaonetse kachilombo kamene kali m'kati, ndipo poti sindikudziwa za munda umene anachokera, iye sangabzale pafupi ndi nthochi zina. Nditasenda khoko limodzi ndinapeza tizilombo takuda titaunjikana m'munsi. Kaya tinali ndi matenda kaya ayi, sindidzadziwa.

Azakhali sananene zambiri. Anatenga chikwanje n'kuwaduladula, tinawaika pa moto wa zinyalala kumchenga komweko pamodzi ndi chiguduli chomwe, ndipo utsi wake unali woipa chifukwa zinali zaziwisi. Ana a pamudzi anabwera kudzaonerera mlendo wa ku tauni akuwotcha mphatso yake yomwe. Tikubwerera kunyumba anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndikawathokoze mayi a mnzanga aja, ndisakawauze zamotozi, ndipo ulendo wina ndidzangobwera ndi shuga.